Chipewa cha Keyala Chisanduke Chisa

Agogo,

Ndathedwa nzeru ndi amuna anga, abambo a Gadi. Anamenya nkhondo ya ku Burma ali msilikali wa Keyala, ndipo anabwerako ndi chipewa chachitsulo chonga beseni, komanso beneti ya dzimbiri, mpeni uja wa kunsonga kwa mfuti. Loweruka akachoka ku bhawa atakhuta mowa amavala chipewacho n'kumaguba kuchokera pampopi mpaka pakhomo, akudzilamula okha, "Lefu, layiti." Kale komboni yonse inkaseka. Koma tsopano masoja a boma akusecha nyumba ndi nyumba, ndipo akapeza chinthu cha nkhondo akuti ukudyetsa vakomana, anyamata a kutchire omenyana ndi boma. A Sitefano oyandikana nafe anatengedwa chifukwa cha lamba chabe, mpaka lero sanabwere. Nditati titaye chipewacho, anandiyankha kuti, "Mjapani anachilephera, ndiye chilandidwe ndi tiana tadzulo?" Nditani kuti asandimangire nkhalamba yangayi?

E. N., Torwood

Mayi E. N.,

Mwagogoda pakhomo loyenera. Inenso ndine wa Keyala, ngakhale nkhondo yanga ndinamenyera kukhitchini, kulimbana ndi anyezi. Chipewacho ndimachidziwa. Tinkasukusuliramo, kumeteramo ndevu, tsiku lina tinaphikiramo nyemba sajeni atapotoloka.

Beneti ija isagonenso m'nyumba. Ikulungeni m'chiguduli, mukaiponye m'dzenje la mgodi wakale. Akafunsa, muwauze kuti yasamutsidwira ku bataliyoni yapansi.

Koma chipewa musataye, mungataye ndi mwamuna yemwe. Chigadamitseni, muchimate matope ndi ndowe, muikemo udzu, mukhazikepo thadzi lolusa kuposa onse kuti lifungatire mazira. Msoja akaloza n'kufunsa kuti, "Yini lo?" inu muyankhe mwaulemu, "Chisa, bwana," mumupemphe apisemo dzanja aone yekha. Chibadwire sindinaone boma likumanga nkhuku.

Bambowo musawauze ngati maganizo anu, ayi. Munene kuti lamulo lachokera kumwamba: chipewa chapatsidwa msilikali watsopano, iwo akwezedwa kukhala mlonda wa mazira. Wa Keyala amatsutsa mkazi wake, koma satsutsa lamulo.

Chenjezo langa nali, ndipo apa sindikuseka. Kuguba kulekeke mpaka nkhondoyi ithe. Masoja akalowa m'komboni, bambowo muwakhazike kuchipinda, muwapatse chimanga azitong'ola. Anzangawa ndimawadziwa. Mukawasiya pabwalo adzaima njo pamaso pa masoja onse, n'kuichitira sawatcha nkhukuyo.

Agogo Tickey