Bambo Asiya Kudya

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Njombwa tilipo, koma chotupa cha bambo chaphukanso pomwe anang'amba paja.

Adokotala anawauza kuti panatsalira timbewu ta khansa, ndipo mnofu wabwinobwino wozungulira ndiwo ukusunga ndi kudyetsa timbewuto, monga mizu ya chimanga idyetsera kaufiti. Bambo anamvetsa mopitirira muyeso. Kuyambira Lachiwiri akungomwa madzi.

Dzulo anakankha phala nati, "Mwanawe, munda wa kaufiti sitiutayira feteleza wa makuponi. Timaugoneka."

Ndinawakumbutsa kuti kaufiti amakondwa m'munda woguga. Anangotembenukira kukhoma.

Chonde aimbireni foni sabata ino, inu amakumverani. Mukadikira Khirisimasi, mudzalankhula ndi ine ndekha.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati