Akuti a Chisale Anachoka Mwadala

Lachitatu, 12 Febuluwale, Bradford

Lero ndakwiya moti ngakhale tiyi sakumweka.

Ndinapempha ofu kuchipatala kuti ndiperekeze a Chisale a kutchalitchi kwathu ku ofesi yoona za nyumba. Bambowa anali msilikali wa dziko lino, ndipo mwendo wawo wakumanzere unatsala kunkhondo. Chiyambire Khirisimasi akugona m'galimoto kuseri kwa tchalitchi.

Tinanyamula zonse, kalata ya ku usilikali, ya dokotala, pasipoti. Mayi wa pa desiki anawerenga n'kunena kuti, "Pepani, simukuyenera kulandira nyumba. Chipinda munali nacho, munachisiya nokha. Malamulo amati kumeneko n'kudzisowetsa pokhala mwadala."

Mwadala! Chipinda chija chinali pamwamba penipeni, popanda chikepe. Masitepe ankakwera chokhala pansi mpaka bala la pamwendo linatseguka. Ndinalimanga ndine ndi manja angawa.

Ndinakweza mawu. A Chisale anandigwira mkono. "Sisitala, musawakalipire, nawonso angotumidwa." Kenako anamuthokoza mayiyo. Kuthokoza! Zimenezo ndiye zandipweteka koposa.

Akuti tili ndi masabata atatu opempha kuti nkhaniyi aionenso. Mawa ndikaweruka ndikajambula masitepe aja, limodzilimodzi.

Pobwerera ndinawachonderera kuti akagone pa sofa kwathu, popeza kunja kukuzizira koopsa. Anakana.

"Ndikangogona kwanu usiku umodzi, akanenanso kuti pokhala ndili napo."

Ndinawasiya pa galimoto yawo ija. Nanga ngati akunena zoona?