Ndere Zanga ndi Sutikesi Yaikulu

Lolemba, 3 Malichi

Ndere zanga ndazimana chakudya lero. Ndazitsuka, ndaziika m'madzi opanda nayitirojeni, mabotolo ndatseka ndi thonje. Ntchito imene ndinavutikira sukulu ndi imeneyi: kugoneka tizilombo ndi njala n'kumadikira kuti tione titani. Pulofesa akufuna zithunzi Lachisanu. Akuti zikaoneka bwino, ulendo wa maphunziro kunja ndi wanga. Sutikesi yaikulu ndinagula kale, ili pansi pa bedi.

Bambo atuluka m'chipatala mawa. Dzanja ndi mwendo wakumanja sizikugwira. Pafunika munthu wokhala nawo tsiku lonse.

Lachiwiri, 4 Malichi

Msonkhano wa banja, pabalaza kwa bambo. Achimwene anabwera ndi chikondi chodzaza mtima, makiyi a galimoto osawatula m'manja. "Iwe ulibe mwana, ulibe mwamuna. Ungoyamba sabata ino, kenako tizilandizana." Alamu n'kumagwedeza mutu, chonsecho chilowereni m'banja lathu sanawapatsepo bambo ngakhale madzi akumwa. Ndinati ndili ndi ntchito. Achimwene: "Ya ndere ija?" Anaseka mpaka kutsamwa.

Mzime wathu amangopinda zovala za bambo. Mayeso ake omaliza a zamagetsi ndi mwezi wamawa.

Lachitatu, 5 Malichi

Ndilembe zimene ndikudikira, mwina tsiku lina achimwene adzafunsa, mbuzi zikadzamera mapiko. Ndere zimenezi ndi maselo ondondozana ngati mikanda pa ulusi. Njala ikafika, jini ina, kalangizo kachibadwa ka m'kati mwa selo, imamva n'kudzutsa inzake yotchedwa hetR. Maselo angapo amayamba kusintha, koma limene latsogola limatumiza kauthenga kwa oyandikana nalo, iwo n'kuzimitsa jini yawoyo, n'kubwerera ku moyo wawo. Lotsogolalo limakhuthala khungu, limasiya kudzipangira chakudya, limakoka nayitirojeni mumpweya n'kumadyetsa mzere wonse. Silidzagawikananso. Ukalipatsa chakudya msanga limabwerera mwakale, ukachedwa basi, latha. Za kulandizana sindinazionepo m'botolo.

Foni ndaitsekera m'kabati dala. Woyamba kuyankha ndiye walowa.

Lachinayi, 6 Malichi

Mabotolo ayamba chikasu, njala yagwira. Ndasangalala. Munthu wosangalala ndi njala ya anzake, ndine amene.

Achimwene anditumizira uthenga wautali wa kulemekeza makolo. Aulembera ku ofesi, pampando wozungulira uja.

Poweruka ndinadzera kwa bambo. Asambitsidwa, ametedwa ndevu, m'chipinda mukununkhira sopo. Mabuku a mzime ali pawindo, mabotolo a mankhwala pamwamba pake. Bambo anayesa kutchula dzina langa, pakamwa n'kukana. Zinandipweteka kwambiri, ndiye ndinachita zanzeru: ndinayang'ana wotchi. Pakhomo ndinamufunsa mzime za sukulu. "Ndapempha masiku ochepa, achemwali." Ndinati chabwino. Ine amene ndimadziwa mathero a masiku ochepa, ndinati chabwino.

Lachisanu, 7 Malichi

Zatheka! Maselo okhuthala aja ali apo ndi apo pa ulusi uliwonse, onenepa, otuwa, ogwira ntchito osadandaula. Pulofesa anasuzumira pa maikulosikopu nthawi yaitali. Munthu amene sayamika ngakhale mvula anati, "Konzani pasipoti, mayi."

Chimwemwe chisanafike n'kumapazi komwe, foni. Mzime: "Achemwali, musavutike kubwera, ine ndilipo. Lolemba ndikawauza kusukulu kuti chaka chino ndasiya."

Mtima unati myaa. Ndilembe zoona, poyamba ndinapuma bwino. Manyazi anabwera pambuyo, ndipo sanagogode.

Ndinamuimbira ndili chiimire m'labu.

"Usapite Lolemba."

"Nanga bambo akhala ndi ndani? Achimwene?"

Tinaseka tonse, pang'ono chabe.

"Ndikubwera ineyo. Koma sabata imodzi yokha, wamva?"

"Ndamva, achemwali." Mawu ake anali ondimvera chisoni.

Loweruka, 8 Malichi

Pulofesa sindinawauze. Achimwene atumiza kachithunzi ka manja awiri opemphera, Mulungu awadalitse ndithu.

Zovala za sabata imodzi zikanakwana m'kachikwama kanga kakuntchito. Ndasolola sutikesi pansi pa bedi.