Kawayezeni Okalamba Pokwerera

Liuzhou,
18 Novembala 2002

Okondedwa achimwene Dehai,

Muli bwanji kumudziko? Nanga bondo la amayi likuwapatsako mpata ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndilipo, kungoti thupi latheratu.

Kaminibasi katsopano kaja katiyamwa mphamvu kufakitale kuno. Miyezi isanu ndi inayi tsopano tikujambula, kufufuta, kujambulanso. Akufuna kuti anthu asanu ndi awiri akwane m'galimoto yosaposa khola lathu la nkhumba, katundu alowenso, mtengo ukhale woti mlimi aufikire. Gawo langa ndi chitseko cham'mbali ndi popondera pokwera.

Popondera pomwepo ndi pamene tasemphanirana ndi mkulu wa gulu lathu, a Tan. Iwo akuti galimoto ikhale yam'mwamba kuti isamakhule pansi m'misewu yamatope. Ine ndinati okalamba sadzatha kukwera. Anandiseka pamaso pa anzanga, amvekere kodi ndinalembedwa ntchito yopanga galimoto kapena machira a odwala.

Lachiwiri ndinakatenga mayi Qin, gogo wosesa m'chipinda chodyera, kuti akwere galimoto yoyeserera. Analephera kawiri. Kachitatu anachita kukwawa ndi maondo, amisiri onse akuyang'ana. Atatsika anandifunsa ngati ndinawaitanira kudzawavula ulemu. Mpaka lero sakundiyankha moni. Ndinawalakwira, achimwene, ndipo zikundidya mumtima.

A Tan sanaseke tsiku limenelo, koma anati gogo mmodzi si umboni. Andipatsa masabata atatu kuti ndibweretse miyezo ya okalamba makumi atatu. Ikapanda kufika, zitsulo za galimotoyi zidulidwa momwe a Tan akufunira, ndipo sizidzasinthikanso.

Pempho langa ndi limodzi. Sanjikizani njerwa, okalamba am'mudzi azikwerapo, inu muzilemba zaka zawo ndi kutalika kwa njerwa zimene akwera osagwirira pena. Chonde muchitire kuseri kwa nyumba, mmodzimmodzi, popanda owonerera. Muyambe ndi amayi. Akafunsa, muwauze kuti ndikufuna tsiku lina adzakwere okha popita kuchipatala, osati inu kuwanyamula ngati thumba la mpunga.

Chaka Chatsopano chino mwina sindibwera. Musawauze amayi, ndiwalembera ndekha ndikalimba mtima.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi ana onse. Ndalekeza pano, ndikukawadikira mayi Qin pachipata ndi timalalanje. Kaya alandira.

Ndine mlongo wanu,
Qiulan