Mbali Yozizira ya Bauyrsak

Wokondedwa mlongo wanga Zhansaya,

Landira moni wochokera kuno ku Karaganda kumene unathawa. Ndikhulupirira maphunziro akuyenda bwino ku Kuala Lumpur, ndiponso kuti dzuwa la kumeneko silinakusungunule. Ife tili moyo. Amayi mawondo akuwavutabe, koma pakamwa ali bwinobwino. Ine ndili monga amakhalira munthu amene anapita ku yunivesite kukaphunzira ndakatulo, n'kutsirizira kulera njoka ya mlongo wake.

Nkhani ndi ya Bauyrsak wako. Unatisiyira kanjoka kako koyamba kuweta, kofiirira ngati mandasi amene unakatchulira dzina, n'kunena kuti sikavuta. Unati lamulo ndi limodzi: mbali imodzi ya bokosi lake lagalasi izikhala yofunda, madigiri 30, pamwamba pa kamphasa kamagetsi, ndipo mbali inayo izikhala yozizirirapo kuti akatenthedwa azithawirako. Unaiwala kuti m'nyumba ya mayi athu simunakhalepo mbali yozizira chibadwire ife.

Poyamba Amayi ankadana naye. Tsiku lomwe unanyamuka anabwera ndi kapu ya mkaka kuti amuthire pamutu, monga timachitira njoka ikalowa m'nyumba, kuti ichoke mwamtendere. Ndinati Amayi, iyi sinalowe yokha, inachita kugulidwa. Anati ndiye zaipiratu.

Kenaka kunayamba kuzizira, mapaipi a madzi otentha a mzinda, aja otenthetsa nyumba zathu, asanatsegulidwe. Ukuidziwa nyengo ija, tonse timagona ndi majuzi kudikira kuti akuluakulu atimvere chisoni. Amayi anaona Bauyrsak atadzipinda ku mbali yozizira, mtima wawo unasweka. Akuti taonani kanthu kopanda miyendo, kopanda masokosi, kagona pagalasi! Akuti mlendo ndi mlendo ngakhale anyanse bwanji, ndipo kwa ife mlendo sanazizidwepo.

Ine ndili ku ntchito, anakankha bokosi lonse mpaka linagunda paipi ya pansi pa zenera, n'kulifunditsa chofunda chathonje chija anakusokera cha ukwati wako. Akuti poti ukwatiwo sukuoneka, chiyambe chagwirako ntchito.

Masana a tsiku lomwelo, mapaipi anatentha.

Nditabwera, choyezera kutentha chinali pa madigiri 38, mbali zonse ziwiri. Kachipangizo kaja unagula, kozimitsa kamphasa kakatenthetsa, kanagwira ntchito yake mokhulupirika. Koma iko kamalamula kamphasa kokha, sikalamula mzinda. Bauyrsak ndinamupeza atadzipanikiza m'kambale kake ka madzi, mbewa imene anameza dzulo lake ataisanza pambali.

Ndinawafunsa Amayi ngati ankafuna kumufunditsa kapena kumuphika. Anati ndisawakwezere mawu, iwo analera ana awiri osayezapo kutentha ndi kagalasi, ndipo onse ali moyo. Ndinati mmodzi anathawira ku Malaysia. Anati ameneyo anathawa iweyo ndi ndakatulo zako.

Dokotala wa ziweto anati wapulumuka, koma asadye kanthu masabata awiri kuti m'mimba mupole, ndipo akadzasanzanso tikhoza kumutaya. Anati chachikulu n'chakuti mbali yozizira ibwerere. Amayi atamva za masabata awiriwo anafunsa ngati dokotalayo ali ndi mayi. Ndawapezerera kale ataimirira pa bokosi, kachidutswa ka nyama ya hatchi kali m'manja, akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga akangaude.

Bokosi ndalichotsa ku paipi, ndaliika kukhoma lakutali. Koma mapaipi athu akale aja alibe potsekera, nyumba yonse yasanduka ng'anjo, ndipo mazenera Amayi anawamata kale ndi thonje ndi mapepala mpaka chaka chamawa. Mbali yotchedwa yozizira ili pa 28. Njira yatsala imodzi, kutsegula kazenera kakang'ono kapamwamba kaja.

Mbiri ya kazenera kameneka ukuidziwa. Kamphepo kolowera pamenepo, malinga ndi Amayi, ndi kamene kanapha agogo, kanaumitsa khosi la malume Rauan, ndiponso kanachititsa kuti ine ndisakwatire. Ndikatsegula, choyezera chimatsika kufika 24, Bauyrsak amatuluka m'madzi n'kuyamba kuyendayenda ngati mwini nyumba. Ndikangovala nsapato kupita ku ntchito, kumbuyo kwanga ndimamva phaa! Atseka.

Ndayesa kuwafotokozera ngati mphunzitsi kuti njoka ilibe moto wakewake m'thupi, imafunda kapena kuzizira posintha pogona. Anandiyang'ana ngati ndikuwerenga ndakatulo. Ndinati chabwino, ngakhale mlendo paphwando amafuna kutulukako panja kukapitidwa mphepo. Anati mlendo akatuluka panja ndiye kuti sanakhute, umamubweza ndi mbale ina.

Tsono ndakupempha, mlongo wanga, uwaimbire foni Lamlungu lisanafike. Tsiku limenelo masabata awiri akwana, ndimupatsanso mbewa, ndipo kazenera kakakhala kotseka mbewayo ibwerera monga inabwerera inzake. Kalatayi ndikungoijambula pafoni, chifukwa positi ingakupeze njoka itapsa kale.

Ine sandimvera. Akuti munthu wopanda mkazi sangaphunzitse anzake za kutentha kwa m'nyumba. Iwe amakumvera chifukwa uli kutali. Usawauze za madigiri. Uwauze kuti ukulira. Kukafunika, liradi, njokayi ndi yako.

Pamene ndikulemba pano kazenera kali kotsegula, poti ndili m'nyumba. Amayi akhala pafupi ndi bokosi atavala chikhothi ndi mpango, akuuza Bauyrsak kuti iwo akafa adzauze anthu kuti anaphedwa ndi njoka yosaluma.

Mulungu akusunge, akupatse nzeru m'mayeso ako, ndi misozi yokwanira pa foni ija. Undiperekere moni kwa msuweni wathu Aknur ndi amuna ake.

Amayinso akupereka moni. Ndawauza kuti kwanuko ndi madigiri 33 tsiku ndi tsiku. Akuti ndiye uzivala masokosi, chifukwa kotentha n'kumene kamphepo kamapezerera anthu.

Ndine mlongo wako wotuluka thukuta,
Meirzhan