Kompyuta ya amayi aakulu a Nachisale

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno chisanu chabwera msanga, m'mawa phiri la Dedza silikuoneka ndi nkhungu. Kunyumba kwa achimwene a Petulo kunabadwa mwana wamkazi, mphuno yake ndi yanu yeniyeni. Kachewere wa kumunda wa ku Lobi anachita bwino, koma nyemba zinaola ndi mvula.

Nkhani yaikulu ndi ya akulu anu, a Nachisale. Chibwerereni matipate, iwo anayamba kulemba za amuna awo, a Kamwendo, momwe galimoto ya boma ija inawatengera pasukulu ana akuona, osabweranso. Cholembera sagwiranso chifukwa cha nyamakazi, koma kutayipa zala zimalola. Ndiye makina awo otayipira aja anafera pakati pa nkhani, amisiri akuti zitsulo zake sizipezekanso. Nditapita kukawaona kuboma kuja ndinapeza atawafunditsa chitenje ngati maliro.

Ndinapita ku Lilongwe kukafuna kompyuta yonyamula m'manja, ija yotseka ngati buku. Zatsopano sindinayandikire n'komwe, malipiro a namwino mumawadziwa. Ndinapeza sitolo ina yogulitsa zimene maofesi anasiya. Mwini wake anandionetsa yowala, yoimba nyimbo, ya masewera. Ndinakumbuka mawu anu a pamsika wa Mayani, akuti mphika sagula ndi maso, umayamba waugogoda. Ndinayesa imodziimodzi mpaka bamboyo anatopa nane. Ndinatenga yakale, yolemera, yosweka pangodya, batire yake yakufa kale. Koma mabatani ake ndi ofewa, zilembo zimaoneka bwino, ndipo kwa amayi aakulu magetsi alipo. Chimene akufuna ndi kulemba basi.

Achimwene atamva anakalipa. Poyamba ankati ndalamayo ikanagula feteleza. Kenako anatulutsa chenicheni: akuti tikuputa mavuto, anthu amene anapereka a Kamwendo akadali moyo, ena timapemphera nawo. Ndinawauza kuti n'chifukwa chake ndagula. Mpaka lero moni wanga sakuyankha.

Ndikudziwa, amayi, nanunso mukanandikalipira. Tili ana, tikangotchula dzina la a Kamwendo munkatitsina pantchafu, maso ali kukhomo. Sindikukuimbani mlandu, munatisunga amoyo. Koma ine mwana wanga sindidzamutsina, ndipo kompyutayo sindibweza.

Ndinaiika patebulo pa amayi aakulu Loweruka. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasamba m'manja, n'kukhala tsonga monga ankakhalira ali kalaliki. Mbewa yake yolozera pagalasi anaikana, akuti za ana. Choyamba kulemba linali dzina lonse la amuna awo. Anandifunsa ngati zilembo zimakula. Ndinawaonetsa, iwo n'kumangokuza, kukuza, mpaka dzinalo linadzaza galasi lonse. Atatero anatsekula chitseko n'kutembenuzira kompyutayo kumsewu. Amayi ena ochokera kuchigayo anaima, anawerenga, anatula thumba pansi n'kulowa. Akuti mchimwene wa amayiwo nayenso anatengedwa chaka chomwecho. Ndimachoka akadali pomwepo, wina akunena, wina akutayipa.

Kuparishi avomera kudzasindikiza akamaliza. Ndikulonjeza kudzabwera nawo mapepalawo kumanda kwanu, ndidzakuwerengereni mokweza, masana, aliyense wodutsa amve.

Ndine mwana wanu wokukondani, wosamva uja,
Lusiya