Camp ya kuchipata kapena ya kuphompho

LACHISANU

Chitsiriza 14:06
mwaziona zithunzi mama? choyambacho ndi camp ya kuchipata, chinacho ya pamwamba pa phiri

Mama 14:09
ndaona. kuchipata. mpope ulipo, zimbudzi zilipo, alonda a nkhalango ali pomwepo, mapasa ako akasewera pa katungwe. nkhani yatha

Chitsiriza 14:11
bambo a mapasa akuti kuchipata kumadzaza anthu. pamwamba kuli bata, view yake bho

Mama 14:12
network iliko?

Chitsiriza 14:12
kulibe

Mama 14:13
nanga chakuda kuseri kwa matentiwo nchiyani

Chitsiriza 14:15
phompho. koma akuti penapake pali waya

Chitsiriza 14:17
mama pls. ulendowu ndi wopepesa. agula tenti yatsopano, dzulo analira atagwada

Mama 14:19
anagwadanso atakugulula dzino. dzinolo linamera?

Mama 14:22
tamvera iwe. ukapita kuchipatala umati ndinagwa. ndinagwa m'bafa, ndinagwa pa masitepe. manesi onse amakudziwa kuti ndiwe munthu wongogwaigwa. ndiye ukagwa paphomphopo adzadabwe ndani?

Mama 14:50
wawerenga, ndikuona. yankha

Chitsiriza 16:41
ok ndikukawauza kuti ine ndi ana tikufuna kuchipata

Chitsiriza 16:58
🎤 mawu 0:19

Mama 16:59
chasweka nchiyani? wakuwa choncho ndi mwana uti?

Mama 17:00
yankha foni

Mama 17:04
YANKHA

Chitsiriza 17:31
Amayi musadandaule. Ndagwetsa mbale basi. Mwamuna wanga wasankha bwino, tipita pamwamba.

Mama 17:32
mwana wanga chibadwire sananditchulepo amayi. mkamwini, bwezani foni ya eni ake

Chitsiriza 17:36
Ndiye mwazindikira. Za m'nyumba mwanga zisiyeni. Mukaponda pakhomo pano ndikuphwanyani mawondo owolawo, nkhalamba yopanda manyazi.

Mama 17:38
mawondo anaphwanyika kale, ndimayendera ndodo, mwachedwa. muikeni pa foni ndimumve mawu

Mama 17:55
mkamwini

Mama 18:40
ndafika pageti panu, mwakhoma ndipo mwamasula galu. ndikumumva mdzukulu wanga akulira. mawa ndi tsiku

LOWERUKA

Chitsiriza 07:48
mama ndine. andiponyera foni, akuti kumene tikupitako ikhala mwala chabe. tanyamuka

Mama 07:48
wavulala pati

Chitsiriza 07:50
diso silikutseguka. nthiti. anandimenyetsa pa sinki, mwana atandigwira mwendo anamukankhira kukhoma

Chitsiriza 07:51
chikwanje aika pansi pa mpando wawo, akuti nchodulira nkhuni

Mama 07:53
mvera, ndilemba kamodzi. galimoto iliyonse imaima pachipata kuti alonda aione. ikaima unene kuti ana akufuna kukodza. utsike nawo onse awiri. chikwama chisiye, nsapato zisiye. ukalowe kuchimbudzi cha akazi ukhome. ine ndi mchimwene wako tili m'mbuyo mwanu pa lole yake ya mchenga. fufuta uthengawu

Chitsiriza 07:54
ndikuopa

Mama 07:54
uziopa ukuyenda

Mama 09:20
tayamba kukwera. lole ikutsokomola ngati malemu bambo ako koma ikuyenda

Chitsiriza 10:07
ndakhoma. tonse atatu tili mkati

Chitsiriza 10:09
azindikira. akumenya chitseko ndi mapazi

Chitsiriza 10:10
🎤 mawu 0:08

Mama 10:10
ndamva, akuti akudula khosi. ana uwakhazike kuseri kwako. alonda ali kuti

Chitsiriza 10:11
ku office. panja pali mabanja akumanga matenti, andiona mama, manyazi

Mama 10:11
manyazi ukachitira m'bokosi? kuwa. tchula dzina lake. nena kuti ali ndi chikwanje

Chitsiriza 10:12
bambo a mapasa apita kugalimoto. akubwera nacho

Mama 10:12
KUWA

Mama 10:14
chitsiriza

Mama 10:17
mwanawe

Mama 10:21
🎤 mawu 0:05

Mama 10:26
chipata tikuchiona. pali anthu ambiri. lemba ngakhale kadontho

Chitsiriza 10:29
.

Chitsiriza 10:31
chitseko anachiboola, andicheka dzanja. azimayi a m'matenti anamugwetsa ndi mitengo ya tenti, wina wamuthira tiyi wotentha. alonda amumanga, wagona chafufumimba m'matope

Mama 10:31
ana?

Chitsiriza 10:32
ali bwino. mlonda akuti nditsegule

Mama 10:33
finya balalo ndi malaya, dzanja likweze m'mwamba. usatsegulire munthu. ukamva kugogoda kwa ndodo ndine